Chiefs kapena Eagles: Mafunso ndi Mayankho pa Mtsutso wa Obetcha pa Super Bowl LIX

Pa 9 February 2025, m'bwalo la Caesars Superdome mumzinda wa New Orleans, matimu a Kansas City Chiefs ndi Philadelphia Eagles anakumana mu Super Bowl LIX, ndime yotsiriza ya NFL, ligi ya mpira wa ku America. Kuno kwathu nthawi inali 1:30 usiku wolowera Lolemba. Kwa masabata awiri mpirawu usanachitike, obetcha anali pa mtsutso wadzaoneni. Makampani ambiri a juga anaika Chiefs patsogolo pang'ono, koma Eagles ndi imene inapambana 40-22. Mfundo zomwe anthu ankalimbirana nthawi imeneyo zimabukanso pa masewero aakulu aliwonse a ligiyi, n'chifukwa chake ndi bwino kuziunika mofatsa.

Sindinaonerepo mpira wa ku America. Ndidziwe chiyani kuti nditsate nkhaniyi?

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi 10. Ikatero, imapatsidwanso kanayi kena. Kufika ndi mpira kumapeto kwa bwalo la adani ndi touchdown, mapointi 6, ndipo mukamenya mpira pakati pa mitengo pambuyo pake mumaonjezera pointi imodzi. Kumenya pakati pa mitengo popanda touchdown ndi field goal, mapointi 3. Woponya mpira, amene amayendetsa zonse, ndi quarterback. Kutsogolo kwake kumaima zimphona zisanu zomutchinjiriza, ndipo adani akaboola mpandawo n'kumugwetsa asanaponye, imeneyo ndi sack. Zimphona zisanuzo muzikumbukire, pakuti nkhani yonse ya usiku umenewo inagona pa izo.

Kodi "Chiefs -1.5" zinkatanthauza chiyani pa tikiti?

Imeneyi ndi spread, yofanana ndi handicap ya mpira wa miyendo. Wobetchera Chiefs ankafunika kuti timuyo ipambane ndi mapointi awiri kapena kuposerapo. Wobetchera Eagles ankawina ngati Eagles yapambana, kapenanso ngati yagonja ndi pointi imodzi yokha. Theka lija limaikidwa kuti pasakhale kubwezerana ndalama: mbali imodzi iyenera kudya basi.

Ku America mtengo wa tikiti yotere kawirikawiri amaulemba -110, kutanthauza kuti muike madola 110 kuti mupindule madola 100. M'ma odds omwe tinawazolowera kuno, imeneyo ndi 1.91. Mbali zonse ziwiri zimalipira 1.91, osati 2.00, ndipo kampata kameneko ndi chakudya cha kampani. Kuti musaluze ndalama pa mtengo umenewu, muyenera kuwina matikiti oposa 52 pa 100 aliwonse. Wowina theka ndendende amakhala akutsika pang'onopang'ono ngakhale akudziona ngati ali bwino.

Pointi imodzi ndi theka ndi yambiri kapena yochepa?

Ndi yochepa kwambiri. Chifukwa cha kawerengedwe ka mapointi, masewero a NFL amakonda kutha ndi kusiyana kwa 3 kapena 7 kuposa nambala ina iliyonse. Choncho kusuntha kwa spread kuchoka pa 2.5 kufika pa 3.5 ndi nkhani yaikulu, pomwe kuchoka pa 1 kufika pa 1.5 sikusintha zambiri. Poika 1.5, makampani ankanena kuti matimuwa ndi ofanana mphamvu, Chiefs yangopendekera pang'ono. Amene amati "makampani anali otsimikiza kuti Chiefs ipambana" sanawerenge bwino nambalayo.

Obetchera Chiefs ankati chiyani?

Mfundo yawo inali imodzi, ndipo inali yolemera: osabetcha motsutsana ndi Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, pa masewero aakulu. Mahomes anali atatenga kale chikhochi katatu, mu 2020, 2023 ndi 2024, ndipo maulendo onse atatu timu yake inatsalirapo ndi mapointi 10 kenaka n'kudzapambana. Maulendo awiri otsirizawo makampani ankaona kuti Chiefs igonja, ndiye amene anaikhulupirira anadya ndalama kawiri konse. Chiefs inapambana masewero 15 mwa 17 mu ligi ya 2024, ndipo ikanatenga chikhochi ikanakhala timu yoyamba kupambana Super Bowl katatu motsatizana. Mphunzitsi wake Andy Reid, yemwe anaphunzitsapo Eagles kuyambira 1999 mpaka 2012, amadziwika kuti akapatsidwa masabata awiri okonzekera amabwera ndi njomba zatsopano.

Panalinso chikumbukiro cha Super Bowl LVII, ya pa 12 February 2023 ku Arizona, pomwe matimu omwewa anakumana. Eagles inkatsogola 24-14 popita kokapuma, koma inagonja 38-35. Chaka chimenecho Eagles inali itagwetsa ma quarterback maulendo 70 mu ligi, koma Mahomes sinamugwetse ngakhale kamodzi. Ndiye wina akati "otchinga a Eagles ndi oopsa", a Chiefs ankayankha kuti nyimbo imeneyo anaimvapo kale.

Nanga obetchera Eagles?

Iwowa ankawerenga osewera mmodzimmodzi. Kupatula pa quarterback, ankati, malo ambiri m'bwalo Eagles ili ndi munthu woposa wa Chiefs. Saquon Barkley, wothamanga ndi mpira wa Eagles, anali atathamanga mayadi 2,005 mu ligi. Otchinga a Eagles, pansi pa mphunzitsi Vic Fangio, analola mayadi ochepa kuposa timu ina iliyonse. Timuyi inayamba mwa njenjenje, kupambana awiri n'kugonja awiri, koma kenaka inangogonja kamodzi kokha mpaka kumapeto, ndipo pa ndime ya matimu anayi otsala inasasantha Washington Commanders 55-23.

Koma mfundo yawo yakuthwa kwambiri inali kumanzere kwa mpanda wa Mahomes. Chiefs inayesa anthu atatu pa malo a kumapeto kumanzere, malo oteteza kumsana kwa quarterback, ndipo onse sanakhutiritse. Pomaliza inasamutsira kumeneko Joe Thuney, katswiri wa malo a m'kati, zomwe zinatsekula mpata pomwe iye anachoka. Mahomes anagwetsedwa maulendo 36 mu ligi ya 2024, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Ndipo kugonja kwake koyamba mu Super Bowl, kwa 31-9 ndi Tampa Bay Buccaneers mu February 2021, kunabwera mwa njira yomweyo: omutchinjiriza anali atavulala, iye n'kukhala usiku wonse akuthawa.

Kodi kupambana masewero a mpanipani ndi luso kapena mwayi?

Apa ndi pomwe panagona mtsutso wonse, ndipo ine ndikuona kuti anthu ambiri anasokera pomwepa.

Pofika pa Super Bowl, Chiefs inali itapambana masewero 17 motsatizana mwa omwe anatha ndi kusiyana kwa mapointi 8 kapena kucheperapo. Palibe timu inachitapo zimenezi m'mbiri ya NFL. Mu ligi ya 2024 yokha masewero otere analipo 11, ndipo inapambana onse. Kwa ochemerera, umenewu unali umboni woti timuyi imadziwa kutsiriza ntchito.

Koma taonani mmene ena mwa masewerowo anathera. Pa tsiku lotsegulira, Isaiah Likely wa Baltimore Ravens anagwira mpira kumapeto kwa bwalo nthawi itatha, koma zithunzi zinaonetsa kuti nsonga ya nsapato yake yaponda mzere. Chiefs inapulumuka 27-20. Ndi Denver Broncos, adaniwo anangotsala ndi kumenya field goal yapafupi kuti apambane, koma osewera a Chiefs anautchinga mpira uli m'mwamba, 16-14. Ndi Las Vegas Raiders, adani anali atafika kale poti akhoza kumenya n'kupambana, koma anaponyerana mpira quarterback asanakonzeke, mpira n'kugwa, 19-17. Ndi Los Angeles Chargers, mpira wotsiriza wa Chiefs unagunda mtengo n'kugwera m'kati, 19-17.

Kutchinga field goal ndi luso, palibe angakane. Koma nsonga ya nsapato ya munthu wina si luso lanu, ndipo mpira wogunda mtengo umagwera kulikonse. Mukaphatikiza ligi yonse, Chiefs inaposa adani ake ndi mapointi 59 okha, pomwe Eagles inaposa ake ndi 160. A Chiefs amayankha, ndipo akunena zoona, kuti m'masewero otsiriza a ligi anapumitsa akatswiri awo n'kugonja 38-0 ku Denver. Chotsani amenewo, mupeza 97. Mpata ukadalipobe. Timu yopambana 15 mwa 17 nthawi zambiri imaposa adani ndi mapointi ochuluka kuposa pamenepo. Mbiri ya kupambana inkakamba za chimphona, mapointi ankakamba za timu yabwino yomwe zinthu zinkaiyendera pa mphindi zotsiriza. Ndipo luso la mphindi zotsiriza limathandiza pokhapokha mukafika pa mphindizo masewero akadali pafupi.

Ndiye m'bwalomo munachitika zotani?

Masewero sanayandikirepo. Popita kokapuma zinali 24-0, Chiefs itayenda mayadi 23 okha chigawo chonsecho. Fangio sanatumize blitz ngakhale kamodzi, kutanthauza kuti sanaonjezere anthu othamangitsa Mahomes. Anangodalira anayi akutsogolo, ena asanu ndi awiri n'kutseka njira zonse zoponyera. Anayiwo anakwanira: Mahomes anagwetsedwa maulendo 6, Josh Sweat ndi Milton Williams akutsogolera ntchitoyo.

M'chigawo chachiwiri cha zigawo zinayi, Mahomes anagwetsedwa kawiri motsatizana. Pa mwayi wachitatu anathamangira kumanja n'kuponya mokakamiza, ndipo Cooper DeJean wa Eagles, mnyamata wa chaka choyamba mu ligi yemwe tsikulo ankakwanitsa zaka 22, anauwakha mpirawo n'kuthamanga nawo mpaka touchdown. Nthawi yopuma isanakwane, Sweat anamukankhira Thuney pa Mahomes pomwe iye amaponya, mpira unapita mokhota, Zack Baun wa Eagles n'kuudumphira pafupi ndi golo la Chiefs. Mpata womwe obetchera Eagles ankauloza kwa masabata awiri unaonekera poyera, kawiri, m'mphindi zochepa. Zinafika pa 34-0 Chiefs isanapeze pointi. Jalen Hurts, quarterback wa Eagles yemwe anaponya mayadi 221 n'kuthamanga 72, anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa.

Kodi ndiye kuti obetchera Chiefs anali opanda nzeru?

Ayi, ndipo apa tisanamizane. Masewero akatha aliyense amasanduka mneneri. Mfundo ya mpanda wofooka inalipo kale pamene Chiefs inkagonjetsa Houston Texans 23-14 ndi Buffalo Bills 32-29 m'ndime za chipulula, ndipo sinaigwetse. Mfundo ya otchinga oopsa a Eagles inalipo mu 2023, ndipo sinagwire ntchito. Masewero amodzi sangatsimikize kuti mtengo unali wolakwika. Akanakumana maulendo 10, Chiefs ikanapambana angapo.

Chomwe ndimawatsutsa nacho ndi chifukwa chomwe ambiri ankapereka. Kunena kuti "sindingabetche motsutsana ndi Mahomes" si kuwerengera, chifukwa dzina la Mahomes aliyense amalidziwa ndipo makampani analiika kale mu mtengo. Funso la wobetcha si loti wamkulu ndani, koma loti kodi mtengo womwe ndapatsidwa ukugwirizana ndi mwayi weniweni. Mu 2023 ndi 2024 munthu ankagula Chiefs ngati timu yoyembekezeka kugonja. Mu 2025 ankaigula ngati yoyembekezeka kupambana, ili ndi mpanda wofookerapo, ikukumana ndi timu yomwe inali italimba. Katundu anatsika, mtengo n'kukwera.

Nanga za kuchuluka kwa mapointi onse, ndani anawina?

Makampani ambiri anaika mzere pa 48.5. Masewero anatha ndi mapointi 62, choncho amene anati apitirira ndiwo anadya. Koma taonani mmene zinakhalira. Kutatsala mphindi zochepa, zinali 40-6, kutanthauza mapointi 46, pansi pa mzere. Wobetcha kuti sapitirira anali ataona bwino masewero: timu imodzi inatsekeredwa usiku wonse. Kenaka, chikho chitadziwika kale mwini wake, Chiefs inapeza mapointi 16 m'mphindi zitatu zotsiriza, kudzera mwa DeAndre Hopkins ndi Xavier Worthy. Mapointi amenewo sanasinthe kanthu pa chikho, koma anapha matikiti a mbali imodzi n'kudzutsa a mbali inayo. Worthy anatha ndi mayadi 157 ndi ma touchdown awiri, ambiri mwa iwo masewero atapita kale.

Zoterezi zimachitika kawirikawiri mu NFL, chifukwa timu yomwe ikutsogola kwambiri imabwerera m'mbuyo n'kumalola mayadi bola nthawi izitha.

Barkley anali ndi chaka chapamwamba chotero. Bwanji matikiti ake anapsa?

Anthu ambiri ankaganiza kuti ngati Eagles ipambane, ndiye kuti Barkley wathamanga mayadi oposa 100 ndipo wafika kumapeto kwa bwalo. Mphunzitsi wa otchinga a Chiefs, Steve Spagnuolo, ankaganizanso chimodzimodzi, ndipo anaunjika anthu kuti amutseke. Barkley anapatsidwa mpira maulendo 25 n'kuyenda mayadi 57 okha, popanda touchdown. Touchdown yoyamba, yapafupi ndi mzere, anailowetsa ndi Hurts anzake akumukankha kumbuyo, monga Eagles imachitira nthawi zonse ikatsala ndi yadi imodzi. Amene amaidziwa timuyi ankadziwa kuti mipira ya pakhomo yotereyi sipita kwa Barkley.

Mayadi 57 amenewo anamukwanirabe kuswa mbiri ya Terrell Davis ya mayadi ochuluka pa chaka chimodzi kuphatikizapo ndime za chipulula. Koma amene anamanga tikiti imodzi ya "Eagles ipambana ndipo Barkley alowetsa" analosera bwino wopambana n'kutuluka chimanjamanja.

Kodi si bwino kuphatikiza zinthu zingapo pa tikiti imodzi kuti phindu likule?

Phindu lolembedwa pa tikiti limakuladi, koma gawo la kampani limakula msanga kuposa pamenepo. Tiyerekeze zinthu zinayi, chilichonse chili ndi mwayi wa theka ndi theka, chilichonse pa 1.91. Mukaziphatikiza mupeza ma odds a 13.3. Koma mwayi woti zonse zinayi zichitike ndi umodzi pa 16. Pa tikiti ya chinthu chimodzi kampani imatsala ndi pafupifupi 4.5 pa 100 iliyonse. Pa ya zinthu zinayi imatsala ndi pafupifupi 17. N'chifukwa chake matikiti oterewa ndi omwe amalengezedwa kwambiri. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo Super Bowl, yokhala ndi zinthu mazanamazana zobetchera, ndi mtengo wodzaza zipatso zotero.

Ena ankati oyimbira amakondera Chiefs. Kodi zimenezi zinali zoyenera kuziwerengera?

Dandauloli linakula kwambiri pambuyo pa masewero a Texans ndi Bills, mpaka mkulu wa ligi Roger Goodell anachita kulitsutsa poyera sabata ya Super Bowl. Ochemerera Eagles ankakumbukirabe 2023, pomwe James Bradberry wa Eagles anaimbidwa mlandu wogwira malaya a JuJu Smith-Schuster wa Chiefs kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, Chiefs n'kupeza mpata wodya nthawi ndi kumenya field goal yopambanira. Bradberry mwiniwake anavomera kuti anagwiradi.

Ku New Orleans, koyambirira kwenikweni, oyimbira anafafaniza mpira wautali womwe A.J. Brown wa Eagles anagwira, ponena kuti anakankha mdani. Okhulupirira kukondera anati taonani, zayambika. Patangopita nthawi pang'ono, oyimbira omwewo analanga Trent McDuffie wa Chiefs pa mlandu wokayikitsanso, ndipo chilangocho chinapatsa Eagles mpata womwe unathera mu touchdown yoyamba. Oyimbira amalakwitsa, ndipo nthawi zina kulakwitsako kumapha tikiti. Koma kulakwitsa komwe simungadziwe kuti kugwera mbali iti si chinthu choikirapo ndalama.

Kodi ku America aliyense amaloledwa kubetcha pa masewerowa?

Zimatengera boma la dera. Mu May 2018 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linathetsa lamulo lomwe linkaletsa juga ya masewero m'madera ambiri, ndipo dera lililonse linayamba kudzipangira lake. Ku Pennsylvania, kwawo kwa Eagles, kubetcha kunayamba chaka chomwecho. Ku Missouri, komwe kuli bwalo la Chiefs, anthu anavomereza pa chisankho cha November 2024, koma pofika tsiku la Super Bowl LIX kunali kusanayambe, moti wofuna kubetcha mwalamulo ankawolokera ku Kansas.

Osewera a NFL saloledwa kubetcha pa ligi yawo. Calvin Ridley anaimitsidwa chaka chonse cha 2022, ndipo Isaiah Rodgers anaimitsidwa cha 2023. Rodgers ameneyu atabwerera anali m'gulu la Eagles lomwe linatenga chikhochi. Ku Malawi juga imayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa. Ndikupempheni ndi mtima wonse: ngati mwayamba kukongola kuti mubetche, kapena kubetcha kuti mubweze zomwe mwaluza dzulo, lekani kaye ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira. Masamu a 1.91 aja sasintha chifukwa choti mwapanikizika.

Kodi matimuwa anakumananso?

Inde, pa 14 September 2025 ku Arrowhead, kwawo kwa Chiefs. Ulendo uno masewero anali a mpanipani, mtundu womwe Chiefs inkapambana nthawi zonse chaka chapitacho. M'chigawo chotsiriza, Chiefs ikutsalira ndi mapointi atatu ndipo ili pakhomo penipeni, Mahomes anaponyera Travis Kelce. Mpira unadunda m'manja mwa Kelce n'kugwera kwa Andrew Mukuba wa Eagles, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe n'kukulira ku Texas, yemwe anali m'chaka chake choyamba mu ligi. Eagles inapambana 20-17. Sabata ya m'mbuyo mwake, ku São Paulo m'dziko la Brazil, Chiefs inali itagonja kale 27-21 ndi Chargers, ndipo mndandanda wa masewero 17 uja unathera pomwepo.